Foni ikhale m'manja mwa amayi: kuphunzira kulibe msinkhu

Zikomo pobwera, makamaka inu amene mwakwera maminibasi awiri kuti mufike kuno, ndi mitengo ya masiku anoyi.

Ndiyambe ndi funso, ndipo muyankhe moona. Ndi angati muno amene mukudziwa PIN ya Airtel Money kapena Mpamba ya amayi anu, azakhali anu kapena agogo anu? Kwezani manja. Funso lachiwiri: mwa amayi amenewo, ndi angati angathe kutumiza ndalama okha, inu palibe, achimwene anu palibe, ejenti wa pakona palibe? Amene mukuti amayi anu angathe, manja akhalebe m'mwamba. Enanu tsitsani. Tayang'anani m'chipinda muno. Nkhani yanga lero ndi imeneyo.

Pali mawu awiri amene amamveka m'nyumba zambiri za m'tauni: "Bweretsani ndikupangireni." Amayi akulimbana ndi manambala 20 a magetsi kuti alowe mu mita, mwana watenga kapepala. Amayi akufuna kutumiza chithunzi ku gulu la kumpingo pa WhatsApp, mwana watenga foni. Pa fomu ya kubanki, mwana watenga cholembera. Ndi chikondi, inde, komanso ndi changu, chifukwa aliyense akuthamangira zake. Ntchito yatheka m'masekondi khumi. Koma mawa amayi adzakhalanso mumdima mpaka wina aweruke.

Ena anena kuti aaa, vuto lake n'chiyani, bola zatheka. Tiyeni tione vuto lake.

Mayi amene satha kuona yekha ndalama zomwe zatsala mu foni mwake, chuma chake chimadziwika ndi aliyense kupatula mwini wake. Mwana akudziwa, mkamwini akudziwa, ejenti akudziwa. K5,000 ikasowa, afunse ndani? Ndipo nonse mukuudziwa uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Mukuwadziwanso abambo a mawu aulemu aja amene amaimba n'kumati ndi a ku ofesi, mwawina mphoto, kapena dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, ingotchulani PIN. Ntchito yawo imaphweka kwambiri akapeza munthu amene anazolowera kuti PIN ndi chinthu chouza wina kuti akupangire.

Palinso nkhani ya katundu. Bambo akamwalira, achibale ena amabwera ndi pepala maliro asanazizire: "Alamu, ingodindani chala apa, ndi za ku ofesi basi." Kuyambira 2011 tili ndi lamulo la chuma cha masiye lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, ndipo limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lamulo ndi labwino. Koma mayi amene satha kuwerenga zomwe akudindazo akhoza kupereka nyumba ndi chala chake chomwe, kenako n'kuyamba kuyenda m'makhothi zaka kuti aitengenso.

Ndiye pali za umoyo. Mankhwala a BP, a shuga, ma ARV, tsiku lobwereranso kuchipatala lomwe adokotala alemba m'buku. Taganizani mayi wa zaka 55 amene ali ndi matenda omwe sakufuna kuti ana awadziwe panopa, koma uthenga uliwonse wobwera pa foni yake amachita kuwerengeredwa ndi mdzukulu. Chinsinsi alibe. Ifeyo tikamakamba za ufulu wa amayi timakonda kunena za thupi lathu, ndalama zathu, chisankho chathu. Amayi athu nawonso ali ndi thupi, ndalama ndi chisankho.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 66 ndiwo amatha kulemba ndi kuwerenga, pamene amuna ndi pafupifupi 72. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake. Tengani mayi wobadwa mu 1965. Nthawi yomwe ankayenera kuyamba Sitandade 1, pulaimale inali yolipira. Fizi ikaperewera m'nyumba, ankapita ndi mnyamata, mtsikana n'kutsala kulera ana. Akapita n'kutenga mimba, sukulu inkathera pompo, chifukwa ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka inabwera mu 1993. Pulaimale yaulere inayamba mu 1994, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi. Mayi wathu uja chaka chimenecho anali ndi zaka 29, mwana kumsana, wina akugwira chitenje. Khomo linatseguka iye atadutsa kale. Ndipo fizi ya ambiri a ife amene tili ndi madigiri muno inachokera m'beseni la mandasi, m'belo la kaunjika ndi pa benchi ya tomato ya mayi ameneyu.

Mukawauza zophunzira, ambiri amayankha kuti, "Mwanawe, ine mutu unauma kale." Ena amaponya mwambi: m'mera mpoyamba. Mwambiwo ndi woona pa nkhani yolera ana, koma makolo sanaunene kuti tizitsekera akulu khomo. Ndipo mutu umene akuti unaumawo tauonani pamsika. Mayi amene sanafike Sitandade 4 amawerengetsa pamtima mtengo wa belo, thiransipoti, chiphaso cha msika ndi phindu, akubweza chenji kwa makasitomala atatu nthawi imodzi. Ku banki m'khonde amakumbukira masheya a aliyense ndi amene sanabweze ngongole. Kumpingo mukangotchula nambala ya nyimbo, iye wayamba kale. Mutu wouma suchita zimenezo.

Akatswiri nawo anafufuza. Ku London, munthu akafuna kuyendetsa takisi zakuda zija amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000, ndipo zimatenga zaka zitatu kapena zinayi. Katswiri wa za ubongo, Eleanor Maguire, ndi anzake ku University College London anajambula ubongo wa madalaivalawa. Mu 2000 anapeza kuti mbali ina ya ubongo yothandiza kukumbukira malo ndi njira, yotchedwa hippocampus, inali yokulirapo kuposa ya anthu ena. Mu 2011 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotsatira ophunzira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anaona kuti mwa amene anakhoza, mbali imeneyi inakula pa nthawi ya maphunziroyo. Awa sanali ana a sukulu, anali akuluakulu. Ubongo wa munthu wamkulu umasinthabe ukapatsidwa ntchito.

Tibwere kuno ku Africa. Ku Kenya, Kimani Maruge anayamba Sitandade 1 mu 2004 ali ndi zaka 84, boma litangochotsa fizi ku pulaimale. Ku Kenya komweko kunali agogo Priscilla Sitienei, mzamba amene anabereketsa amayi kwa zaka zambirimbiri asakudziwa kulemba. Anavala yunifolomu ali ndi zaka za m'ma 90, n'kukhala m'kalasi limodzi ndi ana a zidzukulu zawo. Ankafuna kuwerenga Baibulo okha, kulemba zomwe ankadziwa pa uzamba kuti zisapite nawo kumanda, komanso kulimbikitsa atsikana amene sali pa sukulu. Anamwalira mu November 2022 ali ndi zaka 99.

Mwina mukuti amenewo ndi anthu apadera. Chabwino, nazi zitsanzo za amayi ambiri nthawi imodzi. Ku India, m'mudzi wa Tilonia, kuli sukulu yotchedwa Barefoot College. Imatenga amayi akumudzi ochokera m'maiko osiyanasiyana, a ku Malawi kuno anapitako, ambiri osadziwa kulemba, n'kuwaphunzitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kulumikiza, kuika ndi kukonza magetsi a sola. Mphunzitsi ndi wophunzira samvana chinenero, ndiye amaphunzitsana ndi mitundu ya mawaya, zithunzi ndi manja. Ndipo amasankha dala amayi akuluakulu, chifukwa anaona kuti mnyamata akaphunzira amathamangira m'tauni kukasaka ntchito, pamene agogo amabwerera kumudzi n'kukayatsa nyumba za anzawo.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa kwambiri, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi ku Mbare, mu Harare, luso lomvetsera ndi kuthandiza munthu amene wapanikizika ndi maganizo kuti apeze njira. Amakhala pa benchi kunja kwa chipatala, ndipo ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kwambiri kuposa amene anangolandira chithandizo cha nthawi zonse. Agogo amenewa anaphunzira ntchito yatsopano pa msinkhu umene ife timati munthu azingokhala pakhonde.

Sindikunena kuti ukalamba susintha kanthu. Umasintha. Munthu akadutsa zaka 40, maso amayamba kuvutika ndi zilembo zing'onozing'ono zapafupi. Makutu amachepa mphamvu. Zinthu zatsopano zikabwera zambiri nthawi imodzi, zimatayika msanga. Koma chachikulu pa zonse ndi manyazi: kuopa kusekedwa ndi mwana amene unamusintha thewera. Zonsezi zili ndi njira yake, ndipo ndikufuna mutuluke muno mutazigwira.

Choyamba, yambani ndi chimene iwo akufuna. Afunseni: "Amayi, ndi chiyani chimene chimakuwawani kuti mumachita kudikira munthu?" Ena anena zogula magetsi, ena zowerenga vesi pa Chigwirizano kapena pa Mvano, ena zosaina dzina m'malo modinda chala, ena zolankhula ndi mwana amene ali ku Johannesburg akumuona nkhope. Munthu wamkulu amaphunzira chimene achigwiritse ntchito mawa m'mawa.

Chachiwiri, konzani maso musanayambe. Kulitsani zilembo pa foni, onjezerani kuwala. Ngati akuchita kutalikitsa pepala kuti aone, apite akayezetse maso. Ambiri amene amati mutu unauma, vuto ndi magalasi.

Chachitatu, manja anu akhale kumbuyo. Foni, cholembera, makina, zikhale m'manja mwa wophunzira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Inu muzingonena: "Dinani nyenyezi. Tsopano 211. Tsopano kachizindikiro ka mizere inayi kaja." Akalakwitsa, abwerere okha. Dzanja likayamba kukuyabwani kuti mulande, likhalireni.

Chachinayi, chinthu chimodzi pa tsiku, mphindi 15 kapena 20 basi. Lero kuona ndalama zotsala. Mawa kubwereza zomwezo. Mkuja kutumiza K500 kwa inu, inu n'kuwabwezera, iwo n'kuona kuti yafikadi. Kubwereza pang'ono masiku angapo kumakhazikika kuposa kukhala Loweruka lonse mpaka nonse mutakwiyitsana. Gulani kope, alembemo kapena ajambulemo njira yake ndi dzanja lawo, m'mawu awo.

Chachisanu, phunzirirani poduka mphepo. Osati pa sitolo, osati pamaso pa alendo, osati pamene ana akuonera n'kumaseka. Ndipo chonde, musawajambule n'kuika pa TikTok kuti anthu aseke mmene agogo akulimbirana ndi foni. Ma like anu sangalipire manyazi awo.

Chachisanu ndi chimodzi, akadziwa, asinthe PIN, ndipo inuyo musaidziwe. Apa ndi pamene ambiri zimatikanika, eti? Koma mayeso enieni ndi amenewo. Aloweze malamulo awiri: PIN siuzidwa munthu aliyense, ngakhale woimba atati ndi wa ku kampani, ndipo pepala lililonse lisadindidwe kapena kusainidwa mpaka aliwerenge okha, kapena awerengeredwe mokweza ndi munthu amene amusankha okha.

Pali zina zimene simungaphunzitse nokha, koma makomo alipo. Sukulu za kwacha zakhala zikuyenda pansi pa ndondomeko ya boma kuyambira 1986, ndipo ophunzira ambiri ndi amayi; kafunseni ku ofesi ya chitukuko cha m'madera ku khonsolo yanu, kapenanso kumpingo ndi kumzikiti. Amene analekeza ku sekondale, masukulu ambiri ali ndi open school masana, ndipo MANEB imalola munthu wa msinkhu uliwonse kulemba MSCE ngati external. Za ntchito zamanja, kuli TEVETA ndi makoleji a m'madera. Mayunivesite athu ali ndi mature entry komanso maphunziro ophunzira uli kwanu. Malaibulale a National Library Service ali m'mizinda yathu yonse ikuluikulu. Ntchito yanu ndi kukafunsa, kubweretsa fomu, ndi kuwaperekeza tsiku loyamba.

Koma tisanamizane, chimene chimalepheretsa amayi ambiri si kusowa kwa kalasi. Ndi nthawi. Ndani aphike? Ndani atenge ana kusukulu? Ambiri a ife tikapeza ntchito kapena tikabwerera ku koleji, mwana timakasiya kwa agogo ake. Maphunziro athu akuyenda pamsana pa nthawi yawo. Ndiye ngati amayi akufuna masana awiri pa sabata, banja likhale pansi ligawane ntchito, ndipo achimwene ndi abambo akhale nawo pa kugawanako. Akayamba mawu aja akuti, "Mwakalamba kale, mukufuna mudzakhale nduna?" inu muyankhe, musawasiye amayi adziyankhire okha. Palibe amene amafunsa bambo wa zaka 60 chifukwa chimene akuphunzirira kuyendetsa galimoto.

Tsopano nditembenukire kwa ife. Muno muli wina wa zaka 26 amene analekeza Fomu 2 chifukwa cha mimba, ndipo amadziuza kuti nthawi inapita. Muli wina amene anamaliza digiri zaka zitatu zapitazo, ntchito kulibe, ndipo akuona ngati kuphunzira kusoka, kuwotcherera kapena kukonza mafoni ndi kudzitsitsa. Muli wina amene ali pa ntchito yabwino ndipo akuganiza kuti wafika. Nonse atatu, mvetserani.

Mukukumbukira ma telephone bureau? Amayi ambiri ankadyera pamenepo, foni zam'manja zinabwera, bizinesi inatha. Otaipa pa taipilaita anali ndi ntchito yolemekezeka m'maofesi, kompyuta inabwera. Ma internet café anadzaza m'tauni, lero intaneti ili m'thumba. Zomwe tikuzidziwa lerozi nazonso zidzatha ntchito, ndipo tsiku lina mdzukulu adzatiuza kuti, "Agogo, bweretsani ndikupangireni." Cha m'ma 2000, mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Lero ndi zoposa 60, ndipo akazi timakhalitsa kuposa amuna. Ambiri a ife timagwira ntchito zopanda penshoni. Banja likhoza kutha uli ndi zaka 40, mwamuna akhoza kumwalira uli ndi zaka 50. Chimene chidzakudyetse pa nthawiyo mwina sunachiphunzire n'komwe.

Ndiye kuphunzira kukhale chizolowezi ngati kusunga ndalama. Chaka chilichonse luso limodzi. Chaka chino Excel, chaka chamawa laisensi, chinacho kulemba mabuku a bizinesi kapena kulumikiza sola. Pa chipereganyu, ulendo umodzi ndalama ipite ku kosi m'malo mwa wigi. Pa gulu lanu la banki m'khonde, patulani mphindi 20 kuti mmodzi aziphunzitsa anzake chimene amadziwa. Amene munalekeza sukulu, zaka zinayi za sekondale zidutsa ndithu, kaya mwalembetsa kaya simunalembetse. Funso ndi lakuti zikadzadutsa, mudzakhale ndi satifiketi kapena ayi.

Chomaliza: musapite kwa amayi ngati aphunzitsi okhaokha. Pitani kukasinthana. Iwo akudziwa kufutsa ndiwo kuti mudye mfutso mu October, kusankha ndi kusunga mbewu, kuphika thobwa losasasa msanga, kudula nsalu popanda pepala, kunenerera mtengo osakwiyitsa wogulitsa. Akudziwa malire a munda wa kumudzi, amene anaupereka ndi mboni zomwe zinalipo, zinthu zimene zimadzafunika tsiku la mlandu iwo kulibe. Auzeni kuti, "Amayi, inu mundiphunzitse ichi, ine ndikuonetsani ichi." Akalola, jambulani mawu awo, lembani. Munthu amene akupereka kanthu sachita manyazi kulandira.

Pa 15 October ndi Tsiku la Anakubala. Chitenje mugule, keke mugule, amene mungathe apititseni kunyanja. Koma pofika tsikulo, ndikupempha kuti aliyense muno akhale ataphunzitsa mayi mmodzi chinthu chimodzi mpaka azichita yekha, ndipo iyenso akhale ataphunzira chinthu chimodzi kwa mayiyo. Musanatuluke, uzani mnzanu amene mwakhala naye pafupi dzina la mayiyo ndi chimene muyambire, mupatsane manambala, ndipo pakatha masabata awiri mufunsane kuti zili pati.

Tiyeni timve mafunso.